Matenda a Galimoto ya Apongozi

Ndagwira ntchito ya umakaniko zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, koma palibe galimoto imene inandivula ulemu ngati ya apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga.

Inali galimoto yakale ya kabuleta, yobiriwira, ya zitseko zinayi, ngakhale kuti chitseko chakumbuyo chakumanzere chinasiya ntchito kalekale. Eni ake anali pulambala, mmisiri wa mipope, wopuma pantchito, munthu wamfupi wa manja aakulu, woyenda ndi pensulo kukhutu ngakhale popita kutchalitchi. Galimotoyo ankaitsuka Loweruka lililonse, ndipo anthu ankati mayi, apongozi anga aakazi, amabwera pachiwiri.

Matenda ake anali otere. Ikanyamuka inkayenda bwinobwino. Ikatha mphindi makumi awiri kapena makumi atatu pamsewu, inkayamba kulefuka. Ukaponda mafuta, m'malo mothamanga inkakhala ngati ikuganizira kaye. Kenaka kunjenjemera, kutsokomola kawiri katatu, n'kuzima. Apongozi ankandiimbira foni, ine n'kusiya ntchito, n'kukwera njinga yamoto kuthamangira komwe aliko. Ndikafika ndinkapeza injini ikulira mosalala, iwo ataima pambali manja ali kumbuyo.

"Yadzuka yokha," ankatero. "Yamva kuti mukubwera, a Injiniya."

Dzina limenelo ankalitchula mwaulemu kwambiri, moti linkachita kuwawa.

Ndinayamba ndi zimene makaniko aliyense akanayambira. Ndinasintha mapulagi. Patapita masiku anayi inazima pafupi ndi chipatala. Ndinasintha fyuluta ya mafuta n'kutsuka kabuleta yonse. Inazima pamlatho. Ndinaganiza kuti koyilo ikatentha ikusiya kupereka moto, ndipo ndinaika ina. Kenaka pampu ya mafuta. Kenaka mawaya a mapulagi. Nthawi iliyonse ndikamaliza ndinkaizungulitsa kuseri kwa msika n'kubwerera kugalaja, mphindi khumi, ikuyenda ngati yotuluka kumene m'sitolo. Chitsulo chilichonse chimene ndinkachotsa, apongozi ankachipukuta ndi kansalu n'kuchiika m'katoni.

"Musataye, a Injiniya," ankatero. "Kunyumba ndatsala pang'ono kumanga galimoto yachiwiri."

Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi galaja yanga, kuli makaniko wina amene anthu amamutcha Mphindi Zisanu, chifukwa galimoto iliyonse amalonjeza kuti aikonza m'mphindi zisanu, ndipo zina zili pamenepo mpaka pano, udzu utamera m'matayala. Tsiku lina masana ndinakweza mutu n'kuona apongozi ataima kumeneko, boneti ili yasa, Mphindi Zisanu akupukusa mutu ngati dokotala amene wapeza chotupa.

Madzulo ake mkazi wanga anandipeza ndikusamba m'manja pasinki.

"A Mphindi Zisanu akuti injini yonse itsitsidwe," anatero. "Bambo avomera. Akuti aipereka Lolemba."

"Galimoto ndi yawo."

"Galimoto ndi yawo, koma mwamuna ndi wanga. Mukufuna ndizidutsa pamsewu uja anthu akuloza kuti mkazi wa makaniko uyo, galimoto ya bambo ake ili kutsidya, matayala atakhala pa njerwa?"

Ndinati vuto ndi lakuti galimotoyo siidwala ine ndilipo. Munthu sungachize matenda ongouzidwa.

"Ndiye kakhaleni nayo mpaka idwale," anatero. "Mawa akupita kwa azakhali kukaika chimbudzi m'nyumba yatsopano ija. Ndi ulendo wa maola awiri. Tsekani galaja mukwere nawo."

M'mawa mwake ndinafika kwa apongozi nditavala ovololo yanga yabuluu, imene kumsana kwake kunalembedwa dzina la galaja ndi nambala ya foni m'zilembo zazikulu zoyera. Ndinapeza atalongedza kale. Kubuti kunali mabokosi awiri a zida, mapaipi, ndi thanki ya chimbudzi. Mtondo wa chimbudziwo, wokhalapo uja, unakana kulowako, choncho unkadikira kuikidwa pampando wakumbuyo. Mayi anali atakhala kale kutsogolo, chikwama pamiyendo, ambulera m'manja.

"Mwachita bwino kubwera," anatero apongozi. "Ndimasowa wougwira. Ukasweka umenewu, mchemwali wanga andidya wamoyo."

Ndinalowa, iwo n'kukankhira mtondowo kwa ine, n'kutseka chitseko. Ndinanyamuka choncho, nditaukumbatira ngati mwana wodwala, khutu lili kuinjini.

Kwa mphindi makumi awiri palibe chinachitika. Apongozi ankayendetsa ndi manja onse awiri, chibwano chili pamwamba pa chiwongolero, akufotokoza za mipope ya nyumba iliyonse imene tinkadutsa. Iyi anaika ndi iwo, mpaka lero siinadonthepo. Iyo anaika munthu wina wosadziwa ntchito, taonani khoma lanyowa. Mayi ankangoti "eee" pamalo oyenera, maso ali panja.

Titayamba kukwera chitunda cha pamaloboti akuluakulu a pakati pa tauni, ndinamva injini ikusintha mawu. Apongozi anaponda mafuta, galimoto osayankha. Anabweza giya. Inanjenjemera, n'kutsokomola, n'kukwawa pang'ono, kenaka zii, pakati penipeni pa msewu, loboti itangoyatsa yobiriwira.

Kunena zoona, mtima wanga unasangalala. Kwa miyezi iwiri ndinali ndisanaione ikudwala.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Kumbuyo kwathu mabasi anayamba kuliza mahutala onse pamodzi. Ine ndinali kumbali ya chitseko chakufa chija, mtondo uli pakati pa ine ndi chitseko chamoyo. Ndinachita kuukwera pamwamba, mwendo umodzi kaye kenaka wina, n'kutulukira pamsewu chamutu. Ndinayamba kukankha ndekha pachitunda, apongozi akuwongolera, mayi akuyang'ana kutsogolo ngati sakutidziwa.

Basi ina podutsa, munthu anatulutsa mutu pazenera n'kuwerenga kumsana kwanga mokweza, dzina la galaja ndi nambala yomwe.

"Akulu! Tikafuna wokankha tiziimba nambala imeneyi?"

Basi yonse inafa ndi phwete.

Titaikokera pambali, ndinatsegula boneti. Injini imafuna zinthu zitatu kuti ilire: moto, mpweya ndi mafuta. Ikazima, ndiye kuti chimodzi mwa zitatuzi sichikufika. Ndinayamba ndi moto. Ndinazula waya wa pulagi imodzi kuti ndiuyandikize kuchitsulo ndione ngati uthetheke. Pulayala yokutidwa ndi labala inali idakali m'thumba.

"Bambo," ndinafuula, "ndikanena kuti lizani..."

Iwo anangomva mawu omalizawo. Anapotoza kiyi.

Amene sanagwidwepo ndi moto wa koyilo sangamvetse. Unalowera m'zala, n'kudutsa m'chigongono, n'kukatulukira m'mano. Ndinadumpha n'kugunda mutu kuboneti, ndipo ndinanena mawu ena amene munthu sanena pamaso pa apongozi.

Ndinasisita pamutu.

"Moto ulipo," ndinatero nditapezanso mawu.

"Taona, apongozi," anayankha mayi ali m'galimoto.

Fyuluta ya mpweya inali yoyera. Ndinatembenukira kumafuta. Fyuluta imene ndinaika ija inali ya pulasitiki yoonekera mkati, ndipo inali youma, mutangotsala kadontho pansi. Ndinapempha apongozi kuti alizenso, nditachotsa manja. Injini inazungulira, pampu ikugwira ntchito, koma mafuta osabwera. Pamenepo ndinadziwa kuti galimotoyo inkafa ndi ludzu. Chimene sindinadziwe n'chakuti ludzulo likuchokera pati, popeza pampu inali yatsopano.

Ndinalowetsa mutu mkati kulondola paipi ya mafuta ndi zala, kufufuza ngati yapindika kapena yang'ambika penapake. Ndinamva chitseko chikutseguka, mapazi a apongozi akuyenda, koma sindinalabadire. Patapita kanthawi anabwera n'kuima pambali panga.

"Mafuta alimo, bambo?" ndinafunsa mutu uli momwemo.

"Theka la thanki. Ndaona kumene."

Ndinaganiza kuti akunena geji ya mafuta. Ndinawapempha kuti ayesenso, kuti ndimvetsere pampu. Analiza. Ndikuona ndi maso angawa, mafuta anathamangira mufyuluta n'kudzaza, injini n'kudzuka, n'kumalira ngati palibe chinachitika.

"Mwagwira chiyani, bambo?"

"Ine? Ndigwirenji ine? Makaniko ndinu."

Tinapitirira. Ndinakumbatiranso mtondo wanga, dzanja likadachita dzanzi, mutu ukuzungulira ndi maganizo. Mwina m'thanki muli kachinyalala kamene kamatseka kukamwa kwa paipi, galimoto ikaima n'kuyandamanso. Mwina paipi imatentha n'kuphwanyika mkati. Mwina pampu yatsopanoyo inali yachinyengo. Ndinayang'ana wotchi. Tinatuluka m'tauni, nyumba zinayamba kutalikirana, dzuwa likukwera. Patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi, pamsewu wathyathyathya wopanda ngakhale kachitunda, inayambanso kuganizira. Inazimira pafupi ndi munda wa munthu, popanda mtengo ngakhale umodzi.

Ulendo uno sindinafune kukwera pamwamba pa mtondo. Ndinapempha apongozi kuti atsegule chitseko, tinautsitsa bwinobwino n'kuukhazika m'mbali mwa msewu. Kenaka ndinalimba mtima.

"Bambo, mundikhululukire. Ndikupempha kiyi. Ndipo ndikupempha kuti muime pano pomwe ndikukuonani, musagwire kanthu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandipatsa kiyi ndi zala ziwiri, n'kupinda manja pachifuwa.

Fyuluta inali youmanso. Ndinadikira mphindi zisanu n'kuliza, osadzuka. Ndinadikira zina khumi, osadzuka. Ngati kanali kachinyalala, bwenzi katayandama. Ngati kunali kutentha, bwenzi itazizira. Batire linayamba kulira motopa, ndipo ndinaleka kuti ndingalimalize. Thukuta linkatsikira m'maso.

M'galimoto munatentha ngati mu uvuni, ndipo mayi anatuluka. Anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Panalibe mwala, panalibe chitsa. Anapita pamtondo paja, anatsitsa chivundikiro chake, n'kukhalapo, n'kutambasula ambulera.

"Mayi ake a ana, mukuchita chiyani?" anatero apongozi. "Anthu akudutsa!"

"Adutse. Ndi watsopano."

"Musweka umenewo."

"Ukasweka ndi ine, ndiye mchemwali wanu sungamuthe."

Ine ndinasowa poyang'ana. Lole ina inadutsa pang'onopang'ono, dalaivala khosi litapotokera kwa ife mpaka anatsala pang'ono kulowa m'munda. Ndinabisa nkhope muinjini, ndikuyang'ana zinthu zomwe ndinali nditaziyang'ana kale kanayi.

"Apongozi," anandiitana mayi patapita nthawi. "Ine za magalimoto sindizidziwa. Koma mwawaimika bambo anu malo amodzi ngati mwana wolakwa kusukulu, ndiye idzuka bwanji? Imeneyi imadzuka ikausa moyo."

Ndinatulutsa mutu. "Ikatani, mayi?"

"Ikausa moyo. Ikazima, bambo anu amapita kumbuyoko ndi kandodo kawo, n'kutsegula pothirira mafuta. Imati fuuu, ngati munthu amene watula katundu. Ikatero basi, timapita. Ine ndimati mukudziwa."

"Zimenezo si kugwira galimoto," anatero apongozi msanga. "Kumeneko ndi kuyeza mafuta. Geji ndi bodza lokhala ndi singano. Munthu wanzeru amayeza yekha."

Anatulutsa pansi pa mpando kandodo kosalala kokhala ndi timizere tochekacheka, n'kundionetsa.

Ndinazungulira kumbuyo, iwo akunditsatira. Ndinagwira chitsekero cha thanki. Chinali cholimba ngati chamatidwa, moti ndinachita kugwira ndi manja awiri. Chitangosuntha, mpweya unathamangira mkati, fuuuuu, nthawi yaitali ndithu, ndipo pansi pa galimoto thanki inalira kuti bu! ngati chitini chophwanyika chimene chawongoka.

"Imeneyo," anatero mayi.

Ndinatembenuza chitsekerocho m'manja. Chitsekero cha galimoto zakale ngati imeneyi chimakhala ndi kabowo kakang'ono ngati ka singano. Mafuta akamatuluka kupita kuinjini, mpweya umalowera pamenepo kudzatenga malo ake. Pachitsekero ichi kabowoko panalibe. Pamalo pake panali kadontho ka mtovu, kosungunulidwa bwino, kopalidwa mpaka kunyezimira. Mkati munali washala yatsopano ya labala yokhuthala, yodulidwa mozungulira bwino kuposa ya kufakitale.

"Mwaiona ntchito?" anatero apongozi, nkhope ikuwala. "Miyezi iwiri yapitayo ndinamva kafungo ka petulo kumbuyo kuno. Kuyang'ana, bowo! Anthu kupanga galimoto yathunthu, injini, magiya, magalasi, n'kusiya bowo pachitsekero. Ndinakhala nacho masana onse. Panopa ngakhale mutaigadabuza galimotoyi, simuona dontho."

Ndinaima pamenepo chitsekero chili m'manja. Yankho ndinali nalo tsopano. Akanakhala kasitomala wamba ndikanamuseka, n'kumuuza kuti waitsamwitsa yekha galimoto yake. Koma awa anali bambo amene anandipatsa mwana wawo, ataima padzuwa, akunyadira ntchito ya manja awo, akazi awo akumvetsera. Ndinaganizanso zongoboola mwakachetechete tikafika, osanena kanthu. Koma ndinkawadziwa. Loweruka lotsatira akanapeza bowolo n'kulitsekanso.

"Ntchito yaukhondo, bambo," ndinatero, ndipo sindinkanama. Ndinakanda m'mutu. "Mwandikumbutsa. Ndimafuna mundithandize nzeru. Thanki yathu ya madzi kunyumba ija ili ndi kapaipi kokhota pamwamba, kosalumikiza kulikonse. Mumalowa nyerere. Ndimaganiza zokatseka."

Anachita ngati ndawaponda chala.

"Musayerekeze! A Injiniya, musadzayerekeze! Kameneko ndi kopumira. Inu mumaona ngati madzi amangotuluka okha? Madzi akamatuluka pansi, mpweya uyenera kulowa pamwamba. Mukatseka, tsiku loyamba muona ngati zili bwino. Mutsegula mpopi, madzi abwera. Kenaka ayamba kufooka. Kenaka kudukizadukiza, mpopi kumatsokomola. Kenaka zii, chonsecho thanki ili yodzaza! Ndinaonapo thanki yachitsulo itafinyika ngati chitini chifukwa cha munthu wina wopusa amene anatseka..."

Anaima pomwepo, chala chili m'mwamba.

Anayang'ana chitsekero m'manja mwanga. Anayang'ana pothirira mafuta. Anayang'ananso chitsekero. Chala chija chinatsika pang'onopang'ono n'kukalowa m'thumba.

Kumbuyo kwathu kunamveka kaphokoso ngati ka ketulo yoyamba kuwira. Anali mayi. Anali atatsitsa ambulera kubisa nkhope, koma ambulerayo inkagwedezeka.

"Pitirizani, bambo," anatero mawu akunjenjemera. "Phunziro linali lokoma. Munthu wopusayo anatani?"

Apongozi anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, n'kuibwezera. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinayang'ana kumunda ngati ndikuwerenga mizere.

"Choboolera chamanja chili m'bokosi lofiira," anatero pamapeto pake, motsitsa mawu.

Ndinakachitenga. Nditafuna kuboola, anandilanda.

"Ndinatseka ndine."

Tinapita patali ndi galimoto chifukwa cha fungo la petulo. Anagwada, anakhazika chitsekero pathabwa, n'kufunsa kukula kwa bowolo. Ndinasankha kachitsulo koboolera kakang'ono. Iwo anati kakula, n'kusankha kena kocheperapo. Ndinati kameneko kachepa, fumbi lidzatseka. Tinakangana mwaulemu kwa mphindi zingapo mpaka tinagwirizana pa kapakatikati, kamene ndikukhulupirira kuti kanali koyamba komwe kaja. Anaboola mosamala, anachotsa washala yawo yokhuthala n'kuicheka kampata, kenaka anaika chitsekero pakamwa n'kuuzira. Chinalira ngati kakherere.

Galimoto inadzuka paulendo wachiwiri wa kiyi. Mayi ananyamuka, tinabwezera mtondo pampando, ine n'kuukumbatira.

Mphindi makumi awiri zinakwana, injini ili bwino. Makumi atatu. Makumi anayi. Tinafika pachitunda chachitali chokhotakhota, ndipo inakwera mpaka pamwamba osapempha giya yotsika. Apongozi anasiya kunena za mipope ya eni ake.

Titatha ola lathunthu anakonza kukhosi, n'kundiyang'ana pagalasi.

"A Injiniya."

"Bambo."

"Ndiye kuti mapulagi aja anali abwinobwino?"

"Anali abwino, bambo."

"Koyilo?"

"Inali yabwino."

"Pampu? Fyuluta? Mawaya?"

"Zonse zinali zabwino."

Anagwedeza mutu kangapo, akuwerenga ndi zala pachiwongolero.

"Ndiye kuti ine ndinatseka bowo limodzi. Inu munachotsa zinthu zisanu zopanda mlandu."

Ndinafuna kudziteteza, koma ndinapeza kuti akunena zoona. Tsiku loyamba lomwe ndinayenera kuwafunsa chimene chinasintha pagalimotoyo matenda asanayambe, ndi chimene amachita ikazima. Kasitomala wina aliyense ndimamufunsa zimenezo. Iwowa sindinawafunse, chifukwa ndinkawaopa, ndipo ndinkathamangira kusintha zitsulo kuti aone kuti ndikugwira ntchito.

"N'zoona, bambo," ndinatero.

"Eya," anatero, ndipo mapewa awo anakwera pang'ono. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Nkhani imeneyi ithere m'galimoto muno. Palibe chifukwa chovutitsira anthu."

Mayi anali akulemba pafoni. Sanakweze mutu.

Tinapeza azakhali ataima pageti, mayi wamkulu thupi, wa mawu omveka mpaka nyumba yachitatu. Galimoto isanaime n'komwe anali atayamba kale.

"Achimwene! Ndamva kuti munaitseka mphuno galimoto! Ndiye chimbudzi changa muchisiyira popumira, kapena nachonso tizichiyeza ndi ndodo?"

Apongozi anatembenukira kwa mayi. Mayi anali kufunafuna chinthu m'chikwama.

Titamwa tiyi, ntchito inayamba. Apongozi anali akuyeza, akulemba pakhoma ndi pensulo, osayang'ana munthu. Anati popeza ndilipo, ndiwathandize. Anakhazika mtondo, anapachika thanki, analumikiza mapaipi, manja awo akuyenda mofulumira moti ndinkangopereka zida. Pomaliza anandilozera nati ya pulasitiki pansi pa thanki, pomwe paipi ya madzi imalowera.

"Bondo langa silipinda mpaka pamenepo. Mangani imeneyo. Ine ndikukatsegula madzi panja."

Ndinagona chagada pansi pa thanki. Ndinamanga ndi dzanja mpaka inalimba. Kenaka ndinaganiza kuti lero lokha asapeze chonena pa ine, ndipo ndinatenga sipanala n'kuikoka monga ndimakokera nati ya tayala. Ndinamva kuti the! Ndisanaganize kuti chalira n'chiyani, apongozi anatsegula madzi.

Madziwo anandimenya kumaso, m'mphuno, m'khutu. Ndinayesa kutseka ndi chikhatho, madzi n'kulowera m'mkono wa ovololo mpaka m'mimba. Ndinafuula kuti atseke, koma anali kuseri kwa nyumba. Azakhali anabwera pakhomo, anaona, n'kuyamba kuitana mayi kuti abwere msanga asaphonye. Pamene madzi ankaleka n'kuti ndikusambira.

Apongozi analowa, anaponda m'madzimo, n'kuwerama kuyang'ana nati yong'alukayo. Nkhope yawo inayamba kubwerera mwakale ndikuona.

"Mwagwiritsa sipanala?"

"Pang'ono, bambo."

"Pa pulasitiki." Anapukusa mutu mosangalala. "A Injiniya, imeneyi si lole. Imeneyi timamanga ndi dzanja, kenaka kagawo kamodzi, basi. Imafuna kuinyengerera. Dzukani, ndikuonetseni. Mwayi wake ndimayenda ndi ziwiri."

Bondo lija linapinda bwinobwino. Anandiphunzitsa kumanga nati kwa theka la ola, ine ndikudontha pambali ndi chokolopera m'manja, ndipo atamaliza anagujumula chimbudzicho katatu, tonse anayi titaima mozungulira kuonerera.

Ovololo yanga ndi zovala zamkati mwake zinali zosavalika. Azakhali anandipezera malaya ndi buluku la amuna awo, munthu wamfupi kuposa apongozi koma wonenepa kawiri. Bulukulo linkalekezera m'katumba, ndipo m'chiuno ndinachita kumanga ndi chingwe cha nayiloni. Pobwerera ndinakhala ndekha kumbuyo, manja akusowa chogwira. Apongozi anafotokoza za mipope ulendo wonse, ndipo galimoto sinatsokomole ngakhale kamodzi.

Ananditsitsa pakhomo dzuwa lisanalowe. Mkazi wanga anali panja akuanula zovala. Anaima, thaulo lili paphewa, n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Yachira?"

"Yachira."

"Mayi andiuza za chitsekero," anatero. "Koma za buluku ili sanandiuze."

"Foni yawo inatha moto," ndinatero. "Tandipatseni kaye thaulolo."